Zitini za Amake Trevor

Ku Kawale, kuseri kwa chigayo, kulibe munthu amene sadziwa zimene zinagwera bulauzi ya mayi busa. Amene anaona ndi maso awo anali amayi asanu ndi anayi okha, koma lero mukafunsa mupeza mboni zoti n'kudzaza minibasi zitatu.

Linali Lachinayi masana, mwezi wa Ogasiti. Amayi a Chigwirizano anali atangomaliza mapemphero pakhomo pa Mayi Elube Nankhoma, amene aliyense amangowatchula kuti amake Trevor. Tsikulo kunabwera mlendo wolemekezeka, mayi busa atsopano, atavala yunifomu yoyera mbee, yoti ngakhale ntchentche ikanachita manyazi kuterapo. Amake Trevor anati mlendo wotere sangabwerere atangomwa tiyi ndi zitumbuwa. Anamasula kiyi amene amamangirira pansonga ya chitenje, n'kutsegula kabati ya magalasi imene inali isanatsegulidwepo pamaso pa anthu, n'kuyamba kusankha chitini.

Anasankha monga momwe munthu amasankhira nkhuku yophera mlendo: anafuna chonenepa. Pamzere wakumbuyo panali chitini cha mapichesi chimene chinali chitatupa kumutu ndi kumunsi komwe, ngati mimba ya mwana wokhuta, ndipo mumtima mwawo anati ichi ndiye anachidzaza opanda umbombo. Anachikhazika patebulo, patsogolo penipeni pa mlendo kuti onse aone, anaimika mpeni pamwamba pake, n'kumenya ndi chikhatho.

Chitini chinalira ngati tayala la njinga yakabaza likaponda msomali. Madzi akuda anatumphuka, analumpha tebulo, n'kukatera pachifuwa pa mayi busa, ena paduku, ena pabuku la nyimbo. Fungo litafika, amayi awiri anathawira panja osakumbuka n'komwe nsapato. Mayi busa, poti ndi munthu wophunzitsidwa kupirira, anangoti, "Ambuye atichitire chifundo," uku akupukuta magalasi awo ndi mpango.

Palibe amene anavulala. Bulauzi inachapidwa katatu n'kuyeranso, ngakhale ena amati mukaiyang'ana padzuwa mumaonabe mapu a Malawi. Amake Trevor anakhala masabata awiri akutunga madzi m'mawa kwambiri kuti asakumane ndi anthu pampopi, kenaka anabwerera mwakale, pakuti manyazi satunga madzi.

Elube anabadwira kufupi ndi Mponela, ndipo anafika mu Lilongwe ali ndi zaka makumi awiri, atakwatiwa ndi Jeremiah, kalipentala wa mawu ochepa amene ankakhoma mipando ndi zitseko kumsika. Kabati ija anakhoma ndi iyeyo, ya mlombwa weniweni, osati zamasiku anozi zoti ukangotsamira zimagwada. Ana anabadwa atatu koma anakula ndi mmodzi, Trevor, amene dzina lake bambo ake analitola kwa mzungu wina wodzagula tebulo. Jeremiah atamwalira, abale anati mayiyo abwerere kumudzi. Iwo anakana. Anagula chiwaya n'kuyamba kukazinga zitumbuwa pafupi ndi chigayo, ndipo zitumbuwa zomwezo ndi zimene zinamufikitsa Trevor Folomu 4. Mpaka lero odzagayitsa amavomereza kuti chitumbuwa cha amake Trevor ukadya chimodzi m'mawa, njala imadzakupeza dzuwa litapendeka.

Ntchito itasowa, Trevor anakwera basi ya ku Joni m'chaka cha 2017, ndi kachikwama kamodzi kumsana. Apa ndi pamene anthu apampopi anayamba kulosera. Amati Joni imameza ana. Amati mnyamata wofatsa chonchija ndiye amasanduka mtchona, osadzaonekanso, osatumiza ngakhale singano. Amake Trevor ankamva zonsezi ndowa ili pamutu, n'kumapitiriza ulendo wawo.

Patapita miyezi isanu, galimoto ya matransipota, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni, inaima pachigayo n'kutsitsa chikwama chachikulu cha mizeremizere. M'katimo munali shuga, sopo, mafuta ophikira, bulangeti, ndi chitini chimodzi cha nyama ya ng'ombe, chija chimabwera ndi kakiyi kake m'mbali. Shuga anamwera tiyi, sopo anachapira, bulangeti anafunda. Koma chitini anachipukuta bwinobwino n'kuchikhazika m'kabati, pakati pa mbale zaukwati, kuti aliyense wolowa m'nyumba achione.

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa kuti Elube ali mwana, chitini ankachiona kamodzi pachaka. Mphunzitsi wamkulu wa kwawo ankatsegula chitini cha nsomba pa Khirisimasi, ana a mudzi wonse n'kumazungulira nyumba kuti amve fungo, ndipo chitinicho chikatha ankachipanga koloboyi wounikira chaka chonse. Kwa Elube, chitini sichinali ndiwo ya Lachiwiri. Chinali chinthu chodikira tsiku lalikulu, ndipo tsiku lalikulu kwa iwo linali limodzi lokha.

"Tidzadya Trevor akadzabwera," ankatero.

Trevor sanabwere chaka chimenecho, ngakhale chotsatira. Zikwama zokha ndi zimene zinkabwera, kawiri kapena katatu pachaka, ndipo zitini zinkachulukirachulukira: nsomba, nyemba, jamu, mapichesi, tomato. Mbale zaukwati zinasamukira m'katoni pansi pa bedi kuti zipereke malo. Loweruka lililonse amake Trevor ankazipukuta fumbi ndi kansalu konyowa, n'kuzitembenuza kuti zithunzi ziyang'ane pakhomo. Nyumba yawo ndi ya malata opanda siling'i, yoti mu Okutobala munthu ukhoza kuwotcha mbatata pampando, ndipo zitini zinakhala m'ng'anjo imeneyo zaka zonsezo. Panali masiku ena amene mwini kabatiyo ankadyera mchere ndi bonongwe wothyola kuseri kwa bafa, atakhala moyang'anizana ndi nsomba zokwana kudyetsa kwaya yonse.

Woyandikana nawo nyumba ndi Mayi Lettie, a NyaMsiska, ochokera ku Rumphi, amene anagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo zaka makumi awiri ndi zisanu, kuyeza ana kusikelo ndi kuthira mankhwala m'zitsime. Anapuma ntchito koma pakamwa pawo sipanapume. Awiriwa akhala moyandikana kuyambira mpanda wa pakati pawo usanamere, amabwerekana mchere, amaperekezana kumaliro, ndipo amakangana pafupifupi tsiku lililonse monga anthu okondana. Tsiku la mapichesi lija a NyaMsiska analipo, ndipo anali m'gulu la othawa opanda nsapato aja, ngakhale iwo amakana.

"Amake Trevor, zitini zanuzi zinaekisipaya kalekale," anatero m'mawa mwake atatsamira mpanda. "Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola."

"Imeneyo ndi nsomba ya m'dengu," anayankha amake Trevor akupala moto. "Za m'chitini iliyonse ili ndi nyumba yake."

A NyaMsiska anatsegula pakamwa, anatseka, n'kubwerera m'nyumba. Anthu amati aka kanali koyamba kuti asowe chonena chichokereni ku Rumphi.

Nkhani ikanathera pomwepo, koma mu Seputembala foni inalira. Anali Trevor. Anati mapepala ake alongosoka, abwana amupatsa tchuthi, ndipo mwezi wamawa akubwera, iyeyo, mkazi wake Sungeni, ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu, Chisankho, amene agogo ake ankangomuona pafoni. Amake Trevor anaimba nthungululu yoti woyendetsa chigayo anachizimitsa poganiza kuti lamba waduka. Pofika madzulo Kawale yense anali atamva zinthu ziwiri: kuti mtchona uja akubwera, ndiponso kuti tsiku lofikalo kabati idzatsegulidwa, zitini zonse zidzaphikidwa, kuti mwana adzaone ndi maso ake kuti thukuta lake mayi ake sanaliseweretse.

A NyaMsiska atamva chachiwiricho sanadikire kuitanidwa. Loweruka m'mawa anafika ndi magalasi owerengera, ndowa yakale ndi mkeka.

"Odi kuno! Tulutsani zonse."

"Mwadzuka bwanji kaye, a NyaMsiska?"

"Ndadzuka bwino, ndipo ndikufuna mdzukulu wanu nayenso azidzadzuka bwino. Mwana wayenda mayiko atatu kuti adzaone agogo ake, inu mukufuna mukamugoneke kuchipatala? Yayi, ine ndili moyo zimenezo sizichitika. Tulutsani."

Mawu oti mdzukulu ndi amene anatsegula kabati. Zitini zinayalidwa pamkeka pakhonde, makumi anayi ndi zitatu, ndipo amayi awiriwo anakhala uku ndi uku ngati pabwalo la milandu, wina woweruza, wina mboni ya oimbidwa mlandu.

A NyaMsiska ananyamula chitini cha nsomba, anachizunguza m'manja, anachiyang'ana pansi. "Mukuona manambala awa? Ndi deti. Ichi chinapitirira ndi miyezi isanu ndi umodzi."

"Ndiye chafa?"

"Ayi, deti si tsiku la maliro. Ndi tsiku limene wopanga akunena kuti kuyambira pano ine ndasamba m'manja, kukoma kwake sindikulonjezanso. Chitini chikakhala chosalala, chopanda dzimbiri, chosatupa, chosadontha, chikhoza kupitirira deti n'kukhalabe chabwino. Ichi chikhale apa. Podzatsegula mudzaone kuti sichikutumphuka, mudzayang'ane, mudzanunkhize, kenaka mudzawiritse bwinobwino."

Amake Trevor anamwetulira ngati mwana wawo wakhoza mayeso. "Ndinanena ine. Chimenecho chinabwera limodzi ndi nsapato zakuda zija."

"Musasekerere, milandu ikadalipo. Nanga ichi?" Chinali cha tomato. A NyaMsiska anadina pamwamba ndi chala, chivundikiro n'kulira kuti pho, kulowa n'kutulukanso. "Mwamva? Muli mpweya umu. Zowawasa ngati tomato ndi zipatso zimadya chitini kuchokera m'kati, makamaka m'nyumba yotentha ngati yanuyi. M'ndowa."

"Dikirani! Chimenecho chinabwera chaka cha korona, malire atatsekedwa. Chinayenda miyezi inayi kuti chifike kuno."

"Chinayenda, chinatopa, chipume. M'ndowa."

Anapitiriza choncho mpaka dzuwa linafika pamutu. Amake Trevor sadziwa Chingerezi cholembedwa pazitini, koma chilichonse ankachidziwa mbiri yake. Ichi chinabwera Trevor atayamba ntchito kusitolo yaikulu. Ichi chinabwera atachira malungo aja anabisa. Izi ziwiri zinabwera Chisankho atabadwa, pamodzi ndi chithunzi. Ankachonderera chitini chilichonse monga mayi wochonderera mwana wake kwa aphunzitsi, ndipo a NyaMsiska ankamvetsera mbiriyo mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu mwachifundo, kenaka n'kuponya m'ndowa. Chotupa, m'ndowa. Chopindika pamsoko, pamene chivundikiro chimalumana ndi thupi, m'ndowa. Chadzimbiri lolowerera, choti ukapukuta silichoka, m'ndowa. Dzimbiri lambiri linali la kansalu konyowa ka Loweruka kaja, ndipo atauzidwa zimenezi amake Trevor anadandaula, chifukwa ankayesa kuti akuzisamalira.

"Bwanji tingolawako pang'ono tione?" anafunsa pa chitini china cha nyemba.

"Musayerekeze! Chitini chokayikitsa salawa. Muli poizoni wina amene sanunkha, sawawa, saoneka, ndipo kadontho kokha n'kokwanira. Ngakhale galu musam'patse, ngakhale nkhuku. Zonsezi zikalowe m'chimbudzi cha kuseriko."

Pomaliza, zopulumuka zinali khumi ndi zinayi. Chotsiriza kuweruzidwa chinali choyamba chija, cha nyama ya ng'ombe, cha kakiyi m'mbali. Pepala lake linali litafuwa, msoko wapansi unali wofiira ndi dzimbiri, ndipo pangodya panali kabanga kakuda komata.

"Ichi ndiye ndisanenenso," anatero a NyaMsiska.

"Ichi chokha, anzanga. Ndi choyamba."

"Ndi chifukwa chake."

Chinalowa m'ndowa. Koma nthawi yomweyo kunyumba kwa a NyaMsiska mphika wa nyemba unayamba kununkha kupserera, iwo n'kuthamanga. Pobwerera anapeza amake Trevor atanyamula kale ndowa kupita kuseri, nkhope ili yofatsa ngati munthu wochokera ku mgonero. A NyaMsiska anayamikira kumvera kwawoko. Sanadziwe kuti chitini chimodzi chinali chitalowa m'sutikesi, pansi pa yunifomu ya Chigwirizano.

Amake Trevor sanali munthu wofuna kupweteka aliyense. Kungoti mumtima mwawo anali atachiphika kale chitini chimenecho kambirimbiri. Ankaona anyezi akufiira m'mafuta, nyama ikusungunuka, mbale ikuikidwa patsogolo pa Trevor, iwo n'kunena kuti, mwana wanga, ichi ndi chija unayamba kutumiza, ndinakusungira. Zaka zisanu ndi ziwiri akuyeserera mawu amenewo. Ndiye angawataye chifukwa cha kabanga kamodzi? Ankadziuza kuti a NyaMsiska ndi munthu wa mantha, woti ngakhale madzi a mvula amafuna kuwathira mankhwala. Ankadziuzanso kuti moto umapha zonse.

Alendo anafika Lachisanu chakumasana, pa takisi yodzaza mpaka buti kusatsekeka. Trevor anatuluka atanenepa, ndevu zili pachibwano, ndipo mayi ake anamugwira nkhope ndi manja onse awiri n'kumangoti, "Ndiwe? Ndiwe ndithu?" Anthu apampopi aja, olosera aja, ndi amene anali patsogolo kunyamula zikwama, wina mpaka kunena kuti iye ankadziwa kuyambira kale kuti mnyamatayu ndi wanzeru. Sungeni anagwada pakhonde kupereka moni kwa apongozi ake, ndipo Chisankho, atawayang'ana agogo ake kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anafunsa chifukwa chake anali aakulu chonchi pamene pafoni amakhala aang'ono.

Moni atatha, amake Trevor anakana kuthandizidwa kuphika. Anati Sungeni apume, ulendo ndi wautali. Analowa m'kakhitchini ka kuseri, nkhuku yachikuda ili kale pambaula, n'kutulutsa m'chitenje chitini chija anabisa m'sutikesi. Koma Chisankho anali atawatsatira. Mwanayo anakhala pakampando, maso ali pa manja a agogo, kukamwa kuli yasa ngati mwana wa mbalame. Agogo akadula tomato, iye dzanja. Akadula anyezi, iye dzanja, kulawa, kukwinya nkhope, n'kutambasulanso dzanja.

Amake Trevor anathyola kakiyi kaja, n'kukalowetsa pa kalilime ka chitini.

"Agogo, ine poyamba," anatero Chisankho, n'kusendera pafupi.

Dzanja la agogo linaima. Anayang'ana kabanga kakuda kaja, anayang'ana kamwa la mwanayo, timano toyera tili mbee. M'maganizo awo onse aja a zaka zisanu ndi ziwiri, patebulo pankakhala Trevor yekha, mwamuna wamkulu wa mimba yolimba. Kamwa ili munalibe. Ndipo ankadziwa, monga mayi aliyense amadziwira, kuti chimene chaikidwa m'mbale ya bambo chimathera m'kamwa mwa mwana. Anakhala choncho, kiyi m'dzanja, mafuta akupsa m'chiwaya.

"Amayi, mafuta akupsatu."

Anali Trevor, ataima pakhomo la khitchini. Anachotsa chiwaya pamoto, kenaka maso ake anagwera pa chitini. Anachitenga, anachitembenuza, anawerenga pansi, n'kuimba kamluzu.

"Amayi, ichi si chija ndinatumiza ndi bulangeti?"

"N'chomwecho."

"Cha 2017?"

"Ndinakusungira." Mawu aja anatuluka, koma osati monga ankawayeserera. Anatuluka aang'ono.

"Nanga zija ndaona m'kabatimo?"

"Zimenezo n'zotsala. Zambiri a NyaMsiska anandilamula kutaya. Zinalipo makumi anayi ndi zitatu, ndipo ine chikhalire sindinadyepo n'chimodzi chomwe. Ndimati udzaone kuti thukuta lako sindinaliseweretse."

Trevor anakhala pansi pakhomo pomwepo, thalauza lake latsopano lili pafumbi. Kwa kanthawi mayi ake sanadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo mwina mwini wakeyo sankadziwanso.

"Amayi, mukudziwa kumene ndinkazitenga? Kusitolo kumene ndimagwira ntchito, zitini zikatsala pang'ono kufika deti, abwana amatigawira antchito. Zopindika ndinkadya ine, zooneka bwino ndinkakusungirani inu. Ndimati zikafika mudye mwezi womwewo."

"Ndiye kuti zinkabwera zili zokalamba kale?"

"Zili ndi imvi, Amayi."

Amake Trevor anagwira pakamwa. Anakumbukira mmene ankazipukutira, mmene ankazitembenuzira kuti ziyang'ane pakhomo, mmene anasamutsira mbale zaukwati, ndipo kuseka kunawatulukira m'mphuno asanakuletse.

"Ine ndikamanyamula makatoni kumeneko," anapitiriza Trevor, "msana ukuwawa, ndinkadzitonthoza kuti leroli mayi anga adya nsomba. Kani inu mukudya bonongwe?"

"Iwe sungamvetse," anatero mayi ake akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Chitini ukadya chimatha, umatsala ndi chiyani? Ine ndikadzuka ndinkayang'ana m'kabatimo n'kudziwa kuti mwana wanga ali moyo, ndipo akundikumbuka. Anthu akanena zonena zawo, ndinkangowaitana kudzamwa tiyi."

Trevor anagwira dzanja la mayi ake, lija la zipsera za mafuta a zitumbuwa. Chisankho, amene nkhani zonsezi sizinkamukhudza, anakumbutsa anthu kuti iye sanalawebe.

"Ichi ayi, mayi wanga," anatero agogo. "Ichi chadwala." Anadzuka, anatenga chitini m'manja mwa Trevor, napita nacho okha kuseri. Sanatume munthu. Atabwerera anasamba m'manja ndi sopo kawiri, n'kum'patsa mwanayo chiwindi cha nkhuku.

"Tsono ndikutsegulire ziti mwa zabwinozo?" anafunsa. "Zilipo za nsomba, a NyaMsiska anazikhululukira."

"Amayi, chonde. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudya za m'chitini, mpaka ndikatuluka thukuta ndimamva fungo la nsomba. Mulibe nkhwani? Wotendera uja? Ndakhala ndikumulota kuyambira pa Mwanza."

Nkhwani analipo, kuseri kwa bafa komwe kuja, ndipo Sungeni anasinja nsinjiro ngakhale apongozi ake ankaletsa. Phwando limene Kawale yense ankaliyembekezera linadyedwa popanda chitini n'chimodzi chomwe kutsegulidwa. Ena mwa odzaonerera anabwerera okhumudwa, chifukwa anabwera atavala zovala zakale dala, mwina n'kuonanso za mapichesi. Trevor anadya mpaka kumasula lamba, ndipo asanadzuke anawalonjezetsa mayi ake, pamaso pa mkazi wake ndi a NyaMsiska, kuti zitini khumi ndi zinayi zija zidyedwa mvula isanagwe, ndipo chilichonse chimene adzatumize kutsogolo chizidyedwa chisanazolowere nyumba. Amake Trevor analonjeza. Anatinso mwina mbale zaukwati zibwerere m'malo mwake, zakhalitsa pansi pa bedi.

Kulonjeza ndi kwina, kuchita ndi kwina. Lachiwiri lotsatira, Trevor ndi banja lake atapita ku Mponela kukaonekera kwa amalume, amake Trevor anakhala pakhonde masana ndi chitini chimodzi cha nsomba, chosalala, chopanda banga. Mpeni unali pambali, tomato ndi anyezi zodulidwa kale. Anachinyamula, anachiika pansi. Anachipukuta ndi chitenje. Anayang'ana kumsewu ngati mwina kungatulukire mlendo woyenera, koma kunkangodutsa mbuzi ya eni ake ndi munthu wogulitsa makala.

"Mukuchilera?" anafunsa a NyaMsiska ali kumpanda, akuyanika zovala.

"Ayi, ndimangoganiza. Lero ndi Lachiwiri chabe, anzanga, ndipo ndili ndekha. Khirisimasi si patali. Kapena ndingosungako ziwiri zokha m'kabatimo, mwina kungabwere munthu."

A NyaMsiska anachotsa chopanira zovala chimene analuma pakamwa, anawayang'ana anzawowo pamwamba pa magalasi, n'kunena mokweza moti ngakhale kuchigayo anamva:

"Munthu wake ndi inuyo. Tsegulani mudye, mayi inu, kabati ilibe mimba!"